Galimoto Yomvera Amalume Okha

Galimoto ija sitinaigule. Mwini wake anali bambo wina wa ku Sudan amene ankagwira ntchito limodzi ndi Amalume pa kampani yogawa madzi akumwa m'nyumba za anthu. Korona itavuta, kampaniyo inayamba kuchepetsa antchito, ndipo bamboyo anali m'gulu loyamba kuuzidwa kuti lilongedze. Anayesa kuigulitsa galimotoyo, koma aliyense wobwera kudzaiona ankangoizungulira kamodzi, n'kutulutsa foni ngati wina akumuitana kwina. Tsiku lonyamuka litayandikira, anangosinthitsa mapepala n'kuika makiyi m'manja mwa Amalume. Anati, "Ndi nkhalamba, koma ikakukonda siingakutaye panjira."

Amalume amenewa sanali achibale anga. Anali bambo wa ku Mangochi, Msilamu, wamkulu pa Amalawi tonse a m'nyumba mwathu, n'chifukwa chake tinkawatchula choncho. Anali munthu wamtali moti pakhomo lililonse ankayamba awerama, ngakhale pamene akanadutsa bwinobwino. Tinkakhala ku Bin Omran, mumzinda wa Doha ku Qatar, m'chinyumba chimene mwini wake anachiduladula ndi matabwa opyapyala kuti mukwane anthu ambiri. M'chipinda chathu tinalimo atatu: Amalume, ine, ndi mnzanga wina wa ku Ntcheu amene ankalondera pa sitolo yaikulu ku Al Nasr. Ine ndinali dalaivala wa minibasi yonyamula antchito a pa hotela. Za msinkhu wanga ndingonena kuti tsiku limene Mulungu ankagawa utali, ine ndinali nditatumidwa kumsika.

Galimotoyo inali yaing'ono, yoyera, koma kuyera kwake kunali kwa mano a munthu wokonda tiyi. Mpando wa dalaivala unachita dzimbiri n'kuuma pamalo amodzi, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Amalume akakhalapo ankapindika ngati mpeni wa m'thumba, mawondo atatsamira pansi pa chiwongolero. Magetsi ake nawo anali ndi mutu wawowawo. Tikagunda hampu, wailesi inkayaka yokha n'kuyamba kutilankhula chinenero cha ku India. Tikagunda hampu ina, inkazima nyimbo ili pakati. Timagetsi ta pa dashibodi tinkaphethira ngati ziphaniphani, ndipo zenera lina lakumbuyo likatsika linkafuna munthu wolikoka ndi zikhatho kuti likwere.

Koma miyezi ija ya kutsekeredwa, galimoto imeneyi inali chuma. Mabasi anali ataima. Ku hotela kwathu alendo kunalibe, moti masiku ambiri ndinkangogona chagada n'kumawerenga ming'alu ya kudenga. Lamulo linkati m'galimoto musapitirire anthu awiri, choncho ine ndi mnzanga wa ku Ntcheu tinkakangana ngati ana kuti ndani aperekeze Amalume kokagula anyezi ndi nkhuku. Ulendo wa kusitolo unali ngati wa ku ukwati. Munthu unkasamba, n'kusita malaya, kuvala masiki yatsopano, n'kuonetsetsa kuti foni ili ndi moto kuti pakhomo ukaonetse mtundu wobiriwira uja wosonyeza kuti ulibe matenda.

Nthawi yonseyi woyendetsa anali Amalume. Ine sindinkalimbirana nawo, chifukwa dalaivala akapeza womuyendetsa amakhala ngati nduna. Ankalowa, n'kudzipinda, n'kunena chapansipansi kuti "Bismillah," n'kupotoza kiyi. Injini inkalira pomwepo. Palibe tsiku limene ndinaona ikuwakanira.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho lamulo la ntchito linasintha. Kale munthu sunkachoka pa kampani popanda kalata ya bwana wako yokumasula, ndipo mabwana ambiri kalata imeneyo ankaiumira ngati mchere wa m'chaka cha njala. Tsopano zinkamveka kuti ukhoza kungopereka notisi n'kupita kwina. Poyamba sitinakhulupirire. Tinkati ndi nkhani za pa foni. Koma Amalume msana unali utawatopetsa ndi kukweza mabotolo a madzi m'masitepe, ndiye anati ayesa. Anapeza ntchito yoyendetsa banja lina ku Madinat Khalifa, anadikira notisi yawo, anavutikako ndi mapepala, mpaka zinatheka. Anawapatsa kachipinda pafupi ndi geti.

Galimoto sanakhale nayo kumeneko. Mayi wa panyumbapo ataiona tsiku loyamba, n'kuona dontho la oilo limene inasiya pa simenti, anangoti, "La, la, la," akugwedeza chala mokana. Amalume anabwera nayo kwathu n'kundipatsa makiyi.

"Mphwanga, uziisamala. Ndikaifuna ndizikuuza."

M'mawa mwake ndinadzuka ngati mwini galimoto. Ndinaipukuta fumbi, ndinaika pilo kumsana kuti mapazi afike pa buleki, n'kupotoza kiyi. Timagetsi tinayaka. Injini, zii. Ndinabwereza. Zii. Ngakhale kakutsokomola kaja kamene galimoto imachita batire likafooka kunalibe.

Ndinachita zonse zimene dalaivala wa kwathu amachita. Ndinatsegula boneti n'kuima patsogolo manja ali m'chiuno, kuti odutsa adziwe kuti nkhaniyo ili m'manja mwa katswiri. Ndinatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha. Ndinapempha mnyamata wa ku Nepal wa m'nyumba yoyandikana nayo kuti andigawireko moto kuchokera pa galimoto yake. Ndinagogoda sitata ndi sipanala yomasulira matayala. Ndinazula mafyuzi onse limodzilimodzi n'kumawayang'anira kudzuwa. Zokankha sizikanatheka chifukwa inali yosintha yokha magiya. Galimoto inangokhala duu, ngati mkamwini amene wanyanyala.

Lachisanu Amalume anabwera kudzationa. Nditawafotokozera anangoti, "Tiye tikaione." Analowa, anadzipinda, ananena mawu awo aja, n'kupotoza kiyi. Vuuu! Wailesi nayo inayaka ndi chimwemwe.

"Vuto lili pati?" anafunsa.

Tinazungulira nayo pang'ono, tinabwerera, iwo anapita. Madzulo ndinati ndiyesenso ndekha. Zii.

Mnzanga wa ku Ntcheu anali ataimirira pambali akudya mtedza. Iyeyu ndi munthu amene chilichonse amachipezera chifukwa, ndipo akachipeza sasunthika.

"Amwene," anatero, "inu simukuona? Mwini wake woyamba anali ndani?"

"Msudani uja."

"Amapemphera kuti?"

"Ku mzikiti."

"Wachiwiri?"

"Amalume."

"Basitu. Galimoto iyi inalowa Chisilamu kalekale. Ndiye inu mukubwera ndi nyimbo zanu za kwaya, mukuganiza kuti ikumverani?"

Ndinamuseka, ndinamuuza kuti chitsulo chilibe mpingo. Koma mawa lake, iye atapita kuntchito, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona mawu a Amalume aja ndisanapotoze kiyi. Sizinathandize. Ndinaganiza kuti mwina ndi katchulidwe. Ndinawaimbira foni, n'kukweza mawu a foniyo, n'kuiyandikiza pa chiwongolero.

"Amalume, tanenani mawu aja mokweza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, Bismillah si kiyi ya galimoto. Ine ndimanena ndikamadya, ndikamavala nsapato, ndikamalowa m'nyumba. Pita nayo kwa makaniko."

Kunena n'kosavuta. Kuti ndipite nayo kwa makaniko inkafunika ilire kaye, ndipo woiliza ankapezeka Lachisanu lokha, tsiku limene magalaja amakhala otseka. Choncho miyezi inapita galimoto ikuyenda kamodzi pa sabata ngati basi ya kumudzi.

Tsiku lina lokha inandilirira. Masiki yanga inagwera pansi pafupi ndi buleki, ndiye ndinawerama kuti nditole, phewa litakanikiza pansi pa chiwongolero, dzanja lina likupotoza kiyi mwachizolowezi. Inalira! Ndinadzidzimuka mpaka kugunda mutu. Nditamuuza mnzanga uja, anagwedeza mutu ngati sing'anga amene maula amuvomera.

"Mwaona? Ikufuna muziigwadira."

Ndinayesa kuigwadira masiku otsatira, koma zikuoneka kuti sindinkagwada mofika pamtima pake.

Kenako inafika nthawi ya katemera. Woyamba tinakabayitsa pa chipatala cha pafupi, wapansi. Wachiwiri tinamva kuti ku Lusail akubaya anthu ali m'galimoto momwemo, osatsika. Mnzangayo anati ifenso tili ndi galimoto, tisachite ngati amasiye. Linali tsiku la pakati pa sabata, ndiye tinawachonderera Amalume kuti akatula ana a bwana kusukulu adzere kwathu. Anabwera ndi chigalimoto cha bwana chonyezimira, anatsika, analowa mu yathu, inalira. Potuluka anandiloza ndi chala.

"Usazimitse. Kaya ubayidwa, kaya ukomoka, usazimitse."

Mnzanga anavula kapu yake n'kuiveka pa kiyi kuti dzanja langa lisafikepo.

Mzere wa ku Lusail unali wautali, magalimoto akuluakulu okhaokha, magalasi akuda, mkati mukuzizira bwino. Ife AC yathu inkapuma ngati munthu wa chifuwa, moti tinatsegula mazenera n'kumaphikika pang'onopang'ono. Kutentha kutafika pa mutu, mnzanga anatenganso kapu yake ija kuti azidzikupizira. Ine sindinalabadire, chifukwa maganizo anga anali pa jakisoni. Ndine munthu woti njoka ndimapha, koma singano ndikaiona ndimafuna kuthawa.

Titafika pansi pa tenti, namwino wina wa ku Philippines anabwera pazenera. Anaona ziphaso zathu ndi mafoni, n'kundiuza kuti ndipinde malaya. Apa m'pamene chizolowezi cha ntchito chinandipereka. Dalaivala wa pa hotela amaphunzitsidwa kuti akaima pamaso pa munthu wolemekezeka amakoka handibuleki n'kuzimitsa injini. Dzanja linachita lokha, mutu osadziwa.

Kunagwa bata loti mpaka ndinamva mbalame.

"Amwene," anatero mnzanga ndi mawu a pamaliro, "mwatani?"

Jakisoni sindinamumve n'komwe. Namwino anazungulira, anabaya mnzanga, n'kutiuza mwansangala kuti tisunthire kutsogolo, pamalo podikirira kuti aone ngati katemera sanatipweteke. Ndinapotoza kiyi. Zii. Ndinawerama. Zii. Ndinagwada mpaka chipumi kukhudza chiwongolero. Kumbuyo mahutala anayamba, woyamba mwaulemu, enawo mopanda ulemu. Wapolisi wina anabwera akuzunguza dzanja kuti tichoke, "Yalla, yalla!" Ndinamuonetsa kiyi, n'kutambasula manja.

Anyamata ovala majekete owala amene ankalondolera magalimoto anabwera kudzatikankha. Mnzanga anatsika n'kumakankha nawo ndi dzanja limodzi, lobayidwalo atalinyamula ngati dzira. Namwino uja ankaseka m'masiki mwake, maso okha ndi amene ankamuulula. Anatikankhira pakona ya malo odikirira n'kutisiya.

Galimoto imene inali kumbuyo kwathu inabwera kudzaima pafupi. Ndinati basi, tsopano titukwanidwa. Munatsika bambo wachikulire wa ku Qatar komweko, atavala mkanjo woyera wopanda banga, wamtali ngati Amalume kapena kuposa. Anaima patali pang'ono, akuyang'ana galimoto yathu ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wa ku pulayimale. M'Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu anatiuza kuti galimoto yake yoyamba, ali mnyamata, inali ya mtundu womwewu, ndipo ankapita nayo kuchipululu bambo ake osadziwa. Anapempha ngati angayeseko.

Tinamupatsa mpata. Anapopera mankhwala m'manja, anapopera pa chiwongolero, anakwinya mkanjo wake, n'kudzipinda pampando paja mawondo m'mwamba. Tinamumva akuti, "Bismillah."

Vuuu!

Mnzanga anakweza manja onse awiri, kuiwala kuti lina ndi lobayidwa. "Khalas! Nkhani yatha! Amwene, mukufunanso umboni wina wotani? Ndinanena ine!"

Bamboyo sanamve Chichewa, koma anaseka nafe. Anasisita dashibodi ngati akusisita hatchi, anatipatsa mabotolo awiri a madzi ozizira a m'galimoto mwake, n'kubwerera kukakhala. Ine pamenepo, kunena zoona, chikhulupiriro changa chakuti chitsulo chilibe mpingo chinali chitayamba kugwedera.

Koma chinthu chimodzi ndinachiona: galimoto ikulira, tsiku ndi la pakati pa sabata, magalaja ndi otsegula. Atangotilola kuchoka, sitinapite kunyumba. Tinalunjika ku Madinat Khalifa, kuseri kwa mashopu, kumene mnyamata wa ku Nepal uja anandiuzapo kuti kuli munthu wokonza magetsi a galimoto. Ulendo wonse mnzanga anagwira dzanja langa lamanja ngati tikupita kukadalitsa ukwati.

Wamagetsiyo anali bambo wa ku Bangladesh, wamfupi ngati ine, wa ndevu zofiira ndi utoto wa hina, kachipewa koyera pamutu. Mnzanga atamuona anandikodola.

"Tataya nthawi. Uyu imulirira, ndiye atiuza kuti palibe vuto."

Ndinafotokoza ndi manja, ndi Chingerezi, ndi mawu a injini a pakamwa. Bamboyo anamvetsera, analowa, anazimitsa galimoto ife mitima ili m'mwamba. Anadikira pang'ono. Anati, "Bismillah," momveka bwino, katchulidwe kake kabwino kuposa ka Amalume. Anapotoza kiyi.

Zii.

Anabwereza. Zii.

Ndinatembenuka kuyang'ana mnzanga. Iye anali akuyang'ana kumwamba ngati kukudutsa ndege.

"Mwina," anatero patapita kanthawi, "sanasambe bwino."

Wamagetsi anatenga sikuludiraiva n'kumasula chipulasitiki chophimba pansi pa chiwongolero. Asanachiike pansi anachitembenuza, n'kuchiyang'anitsitsa. Mbali ya kumanja, pansi pa kiyi, chinali chitalowa mkati ndiponso chitasalala mpaka kunyezimira, pamene kwina konse kunali fumbi. Anandionetsa ndi chala.

"Dalaivala wake ndi wamtali?" anafunsa.

Kenako anatiitana kuti tisuzumire. Kuseri kwa pamene pamalowa kiyi kuli kachinthu kakuda kozungulira kamene mawaya onse amalowamo. Anati imeneyo ndiye swichi yeniyeni, kiyi imangoitembenuza. Yathuyo inali itatha mkati, ndipo kasikulu koigwira kanali katagwa kalekale, moti inkangolendewera. Anaikanikiza ndi chala chachikulu n'kupotoza kiyi. Vuuu! Anaigwedeza pang'ono, wailesi inayaka. Anaigwedezanso, inazima, timagetsi n'kuphethira.

Ndinakhala pansi pa tayala lakutha limene linali pamenepo n'kuseka mpaka misozi. Miyezi yonse ija, chimene chinkaliza galimoto linali bondo. Munthu wamtali akadzipinda pampando wouma uja, bondo lake lamanja linkakankha pulasitiki, pulasitiki n'kukankha swichi. Ine bondo langa linkathera m'munsi, kutali ngati Nsanje ndi Chitipa.

Swichi yatsopano ya galimoto yakale choncho sinkapezeka m'sitolo. Bamboyo anaimba mafoni, anakwera njinga yake yamoto, n'kutisiya titakhala pa benchi. Pamene ankabwera ndi ina yozula pa galimoto yakufa, katemera anali atayamba kutiyenda m'thupi, mikono ikulemera, tikuyasamula mopikisana. Anaimanga, anabwezera chipulasitiki chija, n'kundiuza kuti ndiyese.

Ndinatsamira pilo wanga. Sindinawerame, sindinagwade. Ndinapotoza kiyi ndi zala ziwiri zokha. Inalira. Ndinazimitsa, ndinalizanso. Ndinazimitsanso, ndinalizanso, mpaka wamagetsi anagogoda pa boneti kuti ndimuchokere pakhomo.

Kwa bwana wa Amalume kunali pafupi. Tinawapeza panja pa geti akutsuka chigalimoto chija, thalauza atapinda. Ndinaima patali kuti oilo wathu asadetse simenti ya mayi, ndinazimitsa iwo akuona, n'kulizanso. Anasiya paipi ikuthira madzi pansi.

Mnzanga ndiye anathamangira kukafotokoza, ngati kuti maganizo a Chisilamu cha galimoto sanali ake.

"Amalume, nkhani yonse ija si pemphero ayi. Ndi bondo lanu. Ife timadziwa kuti pali chinachake."

Anafotokoza za pulasitiki, za swichi, za bambo wa mkanjo woyera. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayang'ana bondo lawo lonyowa, analisisita, n'kunena modekha:

"Chabwino. Nanga bondoli anandipatsa ndani?"

Anatseka madzi, anapukuta manja, n'kuima akuyang'ana galimotoyo. Nkhope yawo sinali ya munthu wosangalala kwenikweni.

"Ndiye kuti Lachisanu palibenso chondiitanira," anatero.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti panyumba pamene ankakhalapo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe wolankhula naye Chichewa kapena Chiyao. Wophika anali wa ku India, wantchito wa m'nyumba wa ku Ethiopia, ndipo ana a bwana ankangowatchula kuti dalaivala.

"Amalume," ndinatero, "tsopano ife ndi amene tizibwera kudzakutengani. Inu muzikhala kumbuyo ngati bwana."

"Kumbuyo kuja miyendo yanga ndiziika pati?"

"Muzitulutsira pazenera. Likatsika silikwera lija."

Anaseka, n'kulowa m'geti kukapempha kuti achokepo pang'ono. Lamulo la anthu awiri linali litafewa nthawi imeneyo, ndiye kwa nthawi yoyamba tinakwera tonse atatu, ine pa chiwongolero, Amalume pambali panga, mnzanga kumbuyo atagwirizira mkono wake. Anati tikamwe karak, tiyi wa mkaka uja wotsekemera amene amagulitsa pa timashopu ta m'mbali mwa msewu.

Pa timashopu timeneti munthu sutsika. Umangoima panja n'kuliza hutala, wogulitsa amabwera yekha pazenera. Ndinaima pakati pa magalimoto awiri akuluakulu, ndinakonza kolala, n'kudinikiza hutala ndi chikhatho chonse kuti Doha yense adziwe kuti tafika.

Sinalire. Wamagetsi uja pobwezera chipulasitiki anali ataiwala kulumikiza waya wake.

Ndinadinikizanso, ndinamenya ndi chibakera, osamveka kanthu. Wogulitsa ankangotidutsa ndi thireyi yake kupita kwa ena oliza. Mnzanga kumbuyo anayamba kale kufotokoza kuti hutalayo iyenera kuti ili ndi chifukwa chake, ndipo iye akuchiganizira. Amalume sanadikire kuti amalize. Anatsitsa zenera, anatulutsa mutu ndi khosi lawo lalitali lija mpaka kupitirira denga la galimoto, n'kukuwa ndi mawu amene anagwedeza msewu wonse:

"Piiip! Piiip! Karak atatu!"

Wogulitsa anatembenuka, thireyi ili m'manja, n'kubwera akuthamanga.